Khomo Lakutsogolo la Bwana Kamwendo

Kitwe, 14 Malichi 1966

Wokondedwa mlongo wanga Rebecca,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumudziko, iwe, ana ndi alamu, makamaka amayi athu Anambewe. Ine ndi mlamu wako Ruby tili bwino. Kalata iyi uwawerengere amayi pang'onopang'ono, ndipo ayambe akhala pansi.

Ukuikumbukira nyumba ya Bwana Kamwendo kumayadi kuno ku Kitwe, kumene malemu atate ankaphika? Iwe unali wokwawa, koma ine msana wanga ukuikumbukira bwino. Tsiku lina ndinaponda pakhonde lakutsogolo kukatola mpira wa mwana wake, ndipo mzungu uja anandikwapula atate akuyang'ana, epuloni ili m'chiuno. Amayi anakhala kuseri kwa nyumba imeneyo zaka zonse zija akuchapa matewera a ana a eni, osalowapo ndi kamodzi komwe pakhomo lakutsogolo.

Lero Kamwendo wakalamba, ndipo ufulu ukumuwawa m'maso. Akuthawira ku Joni. Nyumba akugulitsa, ndipo wogula ndine, mwana wa khukhi wake! Mkuwa ukuyenda malonda, malipiro a ife makalaliki a kumgodi akwera, ndipo a bungwe lokongoza ndalama za nyumba avomera. Chatsala ndi ndalama yoyambira basi.

Amayi ali ndi ng'ombe zinayi zija anawagulira atate. Agulitse zitatu. Uwauze kuti ndikulumbira: adzatsika basi, ndidzawagwira dzanja, adzalowera khomo lakutsogolo, nadzamwera tiyi pakhonde pomwe ndinakwapulidwira.

Ndine mlongo wako,
Kingsford J. Dzinyemba

Mvera, 20 Epulo 1966

Achimwene,

Tili moyo. Kalata yanu tinailandira, ndipo tinadabwa kuti cholembera chanu chikadalipo, poti pa Khirisimasi tinkaganiza kuti chinagwera mumgodi.

Ine ndinakana, musanamizidwe. Ndinawauza amayi kuti ng'ombe imabereka, koma khonde silibereka. Nanga anandimvera? Nditangofika pa mawu aja akuti khomo lakutsogolo, anandilanda kalata, naigwira chozondoka, nayamba kulira. Usiku wonse nkhani inali ya pansi pofiira paja ankapukuta atate mpaka kudzionerapo nkhope. Akuti dona ankawapatsira malipiro pazenera la kukhitchini, atagwira ndalama ndi nsonga za zala.

Ndiye ng'ombe zapita, achimwene. Nyanga, Mkaka ndi Chimwemwe wa bere uja, zonse watenga wabutchala wa ku Salima. Yatsala Kalulumira yokha, yokalamba ija, ndipo ikungolira m'khola. Ndalama ndapatsira a Wesley, mkulu wa mpingo uja amagwira ntchito ya njanji kwanuko. Muwerenge pamaso pawo.

Funso langa ndi limodzi, la munthu wosaphunzira. Nyumba ya udzu ya agogo, yolowa chowerama, boma linkaifuna msonkho. Nanga chinyumba cha Kamwendo, boma lidzangochiyang'ana ndi kumwetulira?

Amayi ayamba kale kusoka diresi lolowera pakhomo.

Ndine mlongo wanu,
Rebecca

Kitwe, 9 Ogasiti 1966

Mlongo wanga,

Moni wochokera kumayadi! Talowa. Makiyi ndi mulu, akulemera m'thumba mpaka buluku kupendekeka. Tsiku loyamba ndinalowa ndi kutuluka pakhomo lakutsogolo mpaka Ruby anandifunsa ngati ndataya kanthu.

Za msonkho usade nkhawa. Kuno amautcha mareti, ndipo amalipira ku kanselo. M'nyumba za kampani zija tinkakhala sitinkaudziwa, poti kampani inkalipira yokha. Koma ine ndinabadwa kale, msonkho ndimaudziwa. Kodi agogo ndi a mfumu sankapereka masheleni ofanana, wina nyumba yake ili yopendama, wina ya zitseko ziwiri? Nyumba ndi nyumba. Timasheleni timeneto ndidzapereka ndi dzanja lamanzere.

Ndamanga galaja. Galimoto idzabwera, pakali pano mukugona njinga. Dziwe losambiramo lija linang'ambika ndipo munali achule, koma ndamata ndi simenti ndi kupaka utoto wobiriwira. Kanyumba kakuseri kaja tinabadwiramo ndakapaka laimu, ndaika makatani, ndipo ndaletsa aliyense kukatchula boyizikota. Pakhomo panga palibe boyi. Imeneyo tsopano ndi nyumba ya alendo.

Mwezi wamawa kukubwera munthu wa ku kanselo. Akuyenda nyumba ndi nyumba ndi tepi, kuyeza ndi kulemba mtengo wa nyumba iliyonse m'buku lalikulu, limene lidzaikidwe poyera kuti tauni yonse ione. Kale m'buku limenelo munali azungu okhaokha. Taganiza, dzina la Dzinyemba m'menemo! Ndikufuna amayi adzabwere zimenezi zitatha, kuti ndidzawaonetse ndi chala.

Ndine,
K. J. Dzinyemba, mwini nyumba

Mvera, 2 Sepitembala 1966

Achimwene mwini nyumba,

Takulandirani ndi maudindo anu onse. Ife eni khola la ng'ombe imodzi tili bwino.

Ndikulemba mofulumira, mwina kalatayi ikupezani munthu wa tepiyo asanafike. Achimwene, munachoka kuno muli ndi mano onse, mwaiwala bwanji? Ndi liti munthu wa boma anabwera ndi buku kudzatiyamikira? Akabwera kudzawerenga mbuzi, mbuzi zinkagona kuphiri. Akabwera kudzaona nkhokwe, azakhali ankavala sanza ndi kuyamba kutsokomola. Ine mareti sindiwadziwa, kaya amadyedwa kaya amavalidwa, koma munthu amene akuyeza chinthu chako ndi tepi sakufuna kukusokera malaya.

Chonde bwezerani achule m'dziwemo. Makataniwo chotsani. Akakufunsani, nenani kuti denga likudontha ndipo chiswe chatha mitengo. Mukhale wosauka tsiku limodzi lokha, simufa nazo, ife takhala choncho zaka zonsezi.

Diresi la amayi latha. Ndi la maluwa achikasu, ndipo salola mwana aliyense kuliyandikira. Maso awo ayamba kuchita nkhungu, ndiye musachedwetse.

Rebecca

Kitwe, 28 Okutobala 1966

Mlongo wanga,

Kalata yako yafika dzana, itazungulira kaya kuti, poti masiku ano magalimoto a mtokoma akusowa petulo. Ndaseka mpaka misozi. Ukufuna ine, kalaliki wamkulu wa sitolo ya zida, ndivale sanza ndi kutsokomola? Zimenezo ndi za nthawi ya atsamunda. Boma la lero ndi lathu.

Munthuyo anabwera kale. Dzina lake ndi a Jairus, mnyamata waulemu, Mbemba. Ruby anapha nkhuku. Ndinamuyendetsa chipinda ndi chipinda, tepi ndikumugwirira ndekha kuti isakhwinyate. Dziwe ndinadzaza madzi. Atafika kuseri anati, “Iyi ndi boyizikota, siwerengedwa kwenikweni.” Ndinati lembani nyumba ya alendo, nyumba yachiwiri yokhalamo anthu. Anandiyang'ana nati, “Mukutsimikiza, mukwai?” Anafunsa kawiri. Ndinati lembani, ndipo analemba.

Woyandikana nane ndi Ba Obadiah, wa sitolo ku msika wa Kwacha, munthu wa malole awiri. Ukanamuona tsiku limenelo! Anavala malaya ong'ambika, anaika mabeseni pabalaza ngati denga likudontha, m'dziwe lake anadzalamo kabichi. Manyazi ake ndinamva ndine. Anabwera pampanda kudzandinong'oneza kuti ndichite chimodzimodzi, ndipo ndinadziwa kuti ndi nsanje.

Koma tamvera chipongwe. Buku litaikidwa poyera, ndinapeza kuti nyumba ya Obadiah, ndi mabeseni ake omwe, aiika mtengo woposa yanga, ati chifukwa bwalo lake ndi lalikulu. Anapereka masiku oti wosakhutira akadandaule. Ndinavala suti ndi kupita. Pamzere panali azungu, amwenye ndi Obadiah yemwe, onse akulira kuti mtengo wakwera. Itafika nthawi yanga ndinaimirira ndi kunena kuti wanga wachepa, galaja sanaiyeze bwino, ndipo mpanda wanjerwa anauiwala. Wapampando anavula magalasi, nati chiyambire ntchito sanaonepo nzika ngati ine. Anakweza pomwepo, ndipo makalaliki anatuluka m'maofesi kudzandiona.

Lero mumsewu wathu wonse palibe nyumba yoposa ya Dzinyemba. Uwauze amayi akonzeke, ndituma ya basi mvula ikatha.

K. J. D.

Mvera, 30 Meyi 1967

Achimwene,

Mvula inatha, chimanga tinakolola, nkhokwe tinamata. Kaya kwanuko ikadagwabe?

Iyi ndi kalata yachitatu chiyambire Januwale. Ngati munamwalira, tiuzeni, tidzalire. Ngati muli moyo, ndiye kuti nzika yosaonekaoneka ija yatanganidwa ndi kusambira.

Amayi anamanga katundu pa Pasaka. Muli diresi lija, nsapato zobwereka kwa mayi abusa, ndi ufa wa mtama woti akapatse apongozi awo. Basi ikalira kumsewu amatuluka ndi kuima pamtengo wa mango. Diso lakumanzere latsekeka, latsala limodzi. Dzulo anandifunsa kuti, “Kodi mwana uja sanadwale?” Ine ndinati ayi, akupaka utoto. Ndatopa kukunamirani, achimwene, ndine wa Chigwirizano ine.

Kumpingo anthu ayamba kufunsa. Amayi anauza mudzi wonse za khomo lakutsogolo, mpaka ana akusewera masanje akumati uyu ndi dona Anambewe. Lembani, ngakhale mzere umodzi.

Rebecca

Kitwe, 25 Juni 1967

Mlongo wanga,

Ndili bwino, ntchito yachuluka. Amayi ayambe adikira, kuno kukuzizira kwambiri ndipo nyumba ikukonzedwa pang'ono. Pali kankhani kakang'ono ndi a kanselo, kulakwitsa kwa makalaliki, ndikukonza.

Kodi Kalulumira ikadali moyo? Ngati wabutchala uja angaifune, usakane. Ndidzabweza zonse pamodzi.

Kingsford

Chifubu, Ndola, 3 Julayi 1967

Alamu anga a Rebecca,

Ndine Ruby. Sitinaonanepo, koma makalata anu ndimawerenga achimwene anu akapita kuntchito, ndipo ndimakukondani. Ndikulembera kwa amayi anga kuno ku Chifubu, kuti achimwene anuwo asadziwe. Ng'ombe yotsalayo musagulitse. Ndagwira mwendo wanu.

Kulakwitsa kwa makalaliki kulibe. Mareti sali ngati msonkho wakumudzi. Amatsata mtengo umene unalembedwa m'buku lija: nyumba ikakwera mtengo, nawo amakwera. Dziwe lili ndi mtengo wake, galaja ya njinga ili ndi wake, ndipo kanyumba kakuseri akukawerenga ngati nyumba yathunthu, monga anafunira eni ake. Ndiye nkhuku yanga inafera kuti tizilipira kuposa msewu wonse. Ba Obadiah wa malole awiri akupereka pafupifupi theka la zathu, ndipo kabichi akudya.

Pepala loyamba litabwera mu Januwale, achimwene anu anaseka, nati ziro mmodzi walowa mwangozi. Analiika pansi pa wailesi. Pepala lachiwiri linabwera ndi chilango. Musaiwale kuti a ngongole ya nyumba nawo amadula zawo mwezi ndi mwezi malipiro asanafike m'manja. Anavalanso suti ija kupita ku kanselo kukanena kuti dziwe ndi la achule ndipo kuseri kuja ndi boyizikota. Inde alamu, anatchula ndi pakamwa pawo. Anawayankha mwaulemu kuti masiku odandaula anatha, buku linatsekedwa, adzayezanso pakapita zaka zisanu. Akuti potuluka anamva kalaliki wina akuuza mnzake kuti, “Ndi aja anadzakweza okha.”

Mu Epulo kunabwera anthu olanda katundu. Anatenga wailesi, mipando ndi makina anga osokera amene anandipatsa atate anga. Analowera khomo lakutsogolo ndi kutulukira lomwelo, anthu akuonerera. Anati ulendo wotsatira adzagulitsa nyumba.

Tsono tachita chimene chinatsala. Kumgodi kwabwera azungu atsopano a kontalakiti, ndipo akusowa nyumba. Yathu taibwereketsa kwa injiniya wina wa ku Mangalande, ali ndi mkazi, mwana ndi galu. Lendi yake ikukwanira mareti ndi ngongole, osatsala ngakhale ya mchere. Ife tasamukira ku nyumba ya alendo. Makatani alipo ndithu.

Achimwene anu sadya bwino. M'mawa amatuluka ndi tayi kudzera kanjira kakumpanda, akuyang'ana uku ndi uku. Ndimawakwiyira, kenaka ndimawamvera chisoni, kenaka ndikaona pamene pankakhala makina anga ndimakwiyanso.

Mlamu wanu,
Ruby

Mvera, 1 Ogasiti 1967

Achimwene eni nyumba ziwiri,

Musafunse kuti ndamva kwa yani. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndiye sindikutukwanani monga ndikufunira, poti mkhatewo ndi amayi.

Ndimati ndikufunseni: Kamwendo anakukwapulani kamodzi, kwaulere. Inu mwagulitsa ng'ombe zitatu, imodzi ya bere, kuti mudzikwapule nokha kawiri pachaka, ndipo munavala suti kukapempha kuti chikoti achiwonjezere. Sukulu imene munaphunzira inu, ana anga asaipondeko.

Kalulumira sindigulitsa. Mukaifuna mubwere ndi tepi.

Tsono imvani. Amayi akubwera. A Wesley ali kuno patchuthi, ndipo amayi anawagwira dzanja kumpingo pamaso pa anthu, nati, “Mukamabwerera munditenge, diso latsala limodzi.” Ya basi agulitsa mtedza wawo. Anyamuka Lachisanu la sabata yamawa kudzera ku Fort Jameson, ndipo a Wesley akuti akafika Lamulungu.

Ine sindinawauze kanthu. Ndinayesa kawiri, koma ndikaona mmene akusisitira diresi lija ndimangosintha nkhani. Munalumbira ndinu. Mukawauze nokha, kapena mukawalowetse pakhomo paja monga munanenera. Mmene muchitire mukudziwa ndinu, nzika.

Rebecca

Kitwe, 20 Ogasiti 1967

Alamu anga,

Amayi anafika bwino, miyendo yokha ndiyo yatupa. Akuti ndikupatseni moni, ndipo mukumbukire kumwetsa ng'ombe. Ndikuuzani zonse monga zinachitikira, poti achimwene anu salemba.

Kalata yanu itafika, iwo anapita kwa injiniya uja, chipewa chili m'manja, kukapempha kuti awabwereke nyumba yawo yomwe masana amodzi. Mzunguyo si woipa. Anaseka, nati Lamulungu iwo apita kukaona anzawo ku Ndola, tichite zimene tikufuna, bola tisakhudze zakumwa zake. Lamulungu tinadzuka m'mamawa. Ndinapukuta khonde mpaka kuwala, tinaika tebulo ndi makapu a dona, achimwene anu anavala suti ndi kukadikira kusiteshoni. Anadikira mpaka dzuwa kulowa. Basi inali itathyoka chitsulo ku Luangwa.

Amayi anafika Lachiwiri masana. Diresi lachikasu anavalira kusiteshoni, kuseri kwa chimbudzi, a Wesley atawagwirira katundu. Achimwene anu anathawa kuntchito ndi kubwera nawo pa takisi. Njira yonse akuti ankangonena za mitengo ya m'misewu, osatchula kanthu.

Ine ndinali pageti. Amayi anatsika, naima, napendeketsa mutu kuti aone ndi diso labwino lija. Khomo lakutsogolo linali lotsegula. Pakhonde panali dona atakhala pampando, miyendo pamwamba, akumwa tiyi. Pa udzu panali matewera atayanikidwa. Galu anabwera akuuwa.

Achimwene anu anayamba kuti, “Amayi, pali kankhani kakang'ono,” koma mawu anathera pomwepo. Amayi anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anavula nsapato za mayi abusa zija, nazigwira m'manja, nakhotera kumanzere. Alamu, palibe anawalozera. Anatsata kanjira kakumpanda, anawerama pamene pali nthambi ya mapeyala, analambalala dzenje la zinyalala, ife tikuwatsata pambuyo ngati alendo ndife. Atalowa m'kanyumba anapapasa kuseri kwa chitseko, napeza msomali.

“Uwu anakhoma ndi atate ako,” anatero. “Ankapachikapo epuloni.”

Pamsomalipo panali tayi ya achimwene anu. Iwo anagwada pansi ndi suti yawo, nayamba kufotokoza za mareti, za buku, za zaka zisanu, kuti pepala la nyumba lili m'dzina lawo, mwini ndi iwo, mzunguyo ndi wa lendi chabe. Analitulutsa pepalalo m'sutikesi. Amayi analigwira, nalibweza, nati, “Ndamva, mwanangu. Ng'ombe zanga zinayenda ulendo wautali kudzandigulira pomwe ndinkagona kale.”

Ndinalira, alamu, sindinathe kudzigwira.

Tili choncho tinamva dona akuitana kukhitchini. Mpopi wawo umadontha, ndipo kukonza ndi udindo wa mwini nyumba, zinalembedwa m'pangano la lendi. Anaitana mwaulemu ndithu, “Mista Dzinyemba!” Achimwene anu anadzambatuka, anavula jekete, natola sipanala, nathamanga. Pakhomo la kukhitchini anaima, napukuta mapazi, nagogoda.

Amayi anali pazenera, atakankhira katani pambali. Anawayang'ana mpaka atalowa, kenaka anati, “Amathamanga ngati atate ake.”

Diresi lija avula, alipinda bwinobwino, ndipo akuti mudzawaveke tsiku la maliro awo, poti kutchalitchi amalowetsa aliyense pakhomo lakutsogolo. Akufuna kubwerera mwezi ukatha. Ya basi tilibe. Ngati mtedza unatsalako, tithandizeni.

Mlamu wanu,
Ruby